Kasefa ka Towera

Inu amayi a Umanyano, gulu lathu la amayi a mpingo, inu nonse a kuno ku Hara amene munadzagona pa maliro, khalani pansi ndikuuzeni za Towera, mwana wanga. Ine tulo sindikutiona. Ndikapita ku chigayo ndimva, pa mjigo ndimva, akuti Towera anapita ndi matenda aja. Munamukwirira kale, tsopano mukufuna kukwiriranso dzina lake.

Thupi lake munalidziwa. Ankagula mpunga kuno n'kukagulitsa ku Lilongwe, nsalu ankakatenga ku Dar ndi mnzake Zainabu wa sitolo pa Uliwa. Ananenepa mwana uja, ife n'kumati ndi madalitso. Koma kuchoka pa msewu kufika pakhomo ankaima m'njira, akupumira m'mwamba. Shuga, mawondo, zonse. Chaka china mwendo unatupa ngati mtondo, adokotala anati magazi aundana mu mtsempha.

Ku Dar kuja anamuuza kuti angathe kumuchepetsa chifu kuti thupi litsike. Ine ndinakana. Ndinati chifu chodula ndi cha mbuzi, osati cha munthu wamoyo. Anangoseka, n'kunyamuka ndi Zainabu.

Anandiimbira ali kuchipatala.

"Amama, opaleshoni si lero. Lero andiika kaye sefa."

"Sefa ya ufa?"

"Yayi amama, ndi ka waya, kakang'ono ngati kaambulera. Alowetsera pakhosi, kakakhala mu mtsempha waukulu wa m'mimba. Magazi oundana akachoka ku mwendo kaziwagwira, asafike ku mapapo."

"Nanga misere yake azikhuthula ndani?"

"Mwayambatu amama."

"Ndikufunsa ine. Sefa iliyonse imagogodedwa. Iweyo azikugogoda ndani?"

Ndinamva Zainabu akuseka chakumbali. Towera anati, "Sikokhalitsa. Adokotala anena kuti ndikachira ndibwere adzakachotse, ndisachedwe."

Masiku amenewo pansi sindinakhale. Ndipite kumunda kukapirikitsa mbalame, ndabwerera m'njira, foni ili m'manja. Ndikamasefa ufa ndinkayang'ana zotsalira pamwamba zija. Ndinamuimbira Zainabu kuti asamulole kugona chammbali, mwina kangapendekeke. Ndinaimbanso kufunsa ngati waya sachita dzimbiri m'magazi. Zainabu anati, "Amama, ma yuniti anu atha ndi mafunso, mwana wanu ali apa akundilanda chipisi."

Opaleshoni inayenda bwino. Anabwera akudya timasupuni ta phala ngati khanda. Thupi linayamba kutsika. Mvula isanathe, bulauzi yake ya Umanyano inali kulendewera, anakaibweza kwa telala. Ankayenda m'mizere ya sikimu ya mpunga osaima. Tsiku lina anandilanda thumba la mbewu n'kulisenza yekha, ine kumbuyo ndikukuwa kuti kasefa kaja kasuntha, iye osacheuka.

Apo ndi pamene pakamwa panu panatseguka. Amayi Leticia, anzathu a m'kwaya, anamugwira dzanja potuluka m'tchalitchi.

"Mwathatu mwana wanga. Mankhwala mukumwa bwino?"

"Sindikudwala amama, anandichepetsa chifu."

"Eya, masiku ano ali ndi mayina ambiri."

Ndinali pomwepo, ndinamva. Pa chinkhoswe kapu yake inayamba kuikidwa padera. Kuno munthu saonda dala, ndikudziwa, nanenso ndinakulira momwemo. Koma iye anakuuzani, ndipo simunamve.

Nthawi yobwerera ku Dar itakwana, Zainabu anabwera kudzamutenga. Towera anakana. Anati, "Ndikangokwera basi azinena kuti mankhwala ndikukatengera kutali, kuopa kuonedwa pa mzere wa kuno. Ndiyambe ndakolola, aone kuti mphamvu ndili nazo."

Ndinamukumbutsa za kasefa.

"Kakhala bwino amama, sikakundipweteka."

Tinakolola. Anati mpunga upite kaye ku Lilongwe. Unapita. Anati Khirisimasi idutse. Zainabu ankabwera n'kumukalipira, "Wewe, amene adzafe ndi iweyo, osati Leticia," iye n'kusintha nkhani, kufunsa za nsalu zatsopano. Ine ndinkamuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira. M'mawa ndimuyang'ane miyendo, madzulo ndimuyang'anenso. Iye ankangofuna kuti inu mumuone akusenza matumba.

Ndiye tsiku lina miyendo yonse iwiri inatupa, m'chiuno mukupweteka koti sangaime. Tinathamanga naye kuchipatala, kenako anatitumiza ku Mzuzu. Adokotala anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati magazi aundana kuyambira pa kasefa paja kutsikira ku miyendo, njira yatsekeka. Anayesetsa anthu aja, ndinawaona. Towera anatisiyira komweko.

Sindikuti matenda ajawo ndi manyazi, yayi. Mlongo wanga anapita nawo, ndipo ndinamudwazika ndi manja angawa. Akanakhala amenewo ndikanakuuzani. Koma mwana wanga anaonda chifukwa ankafuna moyo, ndipo basi ija anaikana chifukwa cha maso anu.

Sindikuitanitsa mlandu. Ana ake akukula pakati panu, ine masiku anga ndi ochepa, ndipo adzafunsa inu. Musadzatsitse mawu. Mudzawauze kuti amayi awo anali Towera, wamphamvu, woseka mokweza. Musaleke kumutchula, chonde, koma muzimutchula ndi zoona zake.