Chinsalu cha achimwene kuseri kwa golo

Timu ya kwathu, Aonuma FC, imasewera mu ligi yachitatu, ndipo chaka chino ngakhale kumeneko inkaoneka ngati yalowa mozemba. Bwalo lake ndi la khonsolo, pakati pa fakitale ya nsomba ndi minda ya mpunga. Osewera ambiri ndi anyamata amene matimu akuluakulu anawataya, kuphatikiza madala angapo amene mawondo anawathera kalekale. Akagonja amabwera kuseri kwa golo, kundanda pamzere, kuwerama pamaso pa ochemerera. Kuwerama ndiye amakutha. Onse nthawi imodzi, misana yowongoka bwinobwino. Mpira wokha ndi umene unawakana.

Ine mpira sindiukonda. Ankaukonda ndi achimwene anga, a Kohei. Anamwalira mu Epulo, lole itawagunda pa njinga yamoto akuweruka ku fakitale. Ndinabwera kumaliro kuchokera ku koleji ku Sendai, ndipo sindinabwererenso. Kwa mwezi umodzi amayi ankafunsa kuti ndibwerera liti kukoleji, kenaka analeka.

Achimwene anasiya chinsalu chachikulu chobiriwira, chimene analemba okha ndi burashi yopentera nyumba. Mawu ake ndi akuti "Tili pompano". Chilembo chomaliza n'chopindika chifukwa penti inayenderera, ndipo pakona pali chidindo cha bondo lawo. Chichokereni iwo, masewero alionse apakhomo ndinkachinyamula n'kukachimangirira pa chitsulo kuseri kwa golo, pamalo pomwe ankamangirira. Ndikatero ndinkakhala pansi n'kumadya mpunga wondimangira amayi, ndikuonera anthu akuluakulu akulephera kupatsirana mpira.

Mtsogoleri wa ochemerera ndi bambo Tsuchiya, ogulitsa matayala, munthu wa imvi amene amavala mpango wa timu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pamaliro analira mokweza kuposa amayi. Koma pachakudya ndinawamva akufotokozera anzawo kuti kochi ayenera kuchotsedwa.

Kochiyo anachotsedwadi mu Juni. Anabwera wina wovala magalasi, wokonda kujambula mivi pa bolodi, ndipo timu inapitiriza kugonja, kungoti tsopano mwadongosolo. Pofika Novembala zinali zitadziwika kuti tatuluka mu ligi. Anatsala masewero amodzi apakhomo.

Tsikulo bambo Tsuchiya anatisonkhanitsa pageti masewero asanayambe. Ndi chinkuzamawu chawo, ngakhale tinali ochepa oti tikanamvana ponong'ona, analengeza kuti lero kulibe ng'oma, kulibe nyimbo, ndipo zinsalu zonse zipachikidwe chozondoka kuti akuluakulu a kalabu amve kuwawa. Anthu anaomba m'manja ngati alengeza nkhondo. Azibambo a ana awo, ena a zidzukulu, okwiyira timu yosatha kumenya kona.

Ndinawauza kuti cha achimwene sichizondoka.

Sindinawauze chifukwa chake, koma wina aliyense wa kwathu akanachidziwa. Tsiku limene thupi la achimwene linagona m'nyumba, okonza maliro anaimika chotchinga kumutu kwawo chozondoka, n'kuwafunditsa chovala motembenuza, cha kumiyendo kukhala kumutu, monga timachitira ndi akufa. Ndinakhala m'chipinda chimenecho mpaka anadzawatenga. Zinthu za achimwene zozondoka ndinaziona zokwanira.

"Mphwanga," anatero bambo Tsuchiya atatsitsa chinkuzamawu, "Kohei akanakhalapo akanayamba ndi iyeyo kuzondotsa."

"Mwina," ndinatero. "Koma palibe."

"Ukufuna kutichititsa manyazi pamaso pa kalabu?"

"Manyazi mwayamba kuwamva lero, bambo? Tinayamba kugonja mu Malichi."

Wina kumbuyo anati andisiye, ndine wakukoleji, ngakhale koleji yake sindinaimalize. Ena anaseka. Bambo Tsuchiya sanaseke. Anandiuza pang'onopang'ono kuti chitsulo chimenechi n'cha gulu, ndipo amene aphwanya zogwirizana malo ake amapatsidwa kwa wina. Chinsalu chikaima chilili lero, chaka chamawa chisadzaonekenso kuseri kwa golo.

Ndinachimangirira chilili, mfundo ziwiri pakona iliyonse.

Bwalo linali zii. Tinkamva goloboyi wathu akutukwana anzake, ndi makhwangwala akulira padenga la fakitale. Tinagonja ndi zigoli ziwiri kwa duu, chachiwiricho chodzimwetsa tokha. Atatha masewero wapampando wa kalabu anaima pakati pa bwalo atavala suti, n'kupepesa kuchokera pansi pa mtima, zonse akuwerenga papepala. Apo gulu lathu linapeza mawu n'kumukuwiza.

Kenaka osewera anabwera kudzawerama. Ataona zinsalu zozondoka anaima kaye, akuyang'anana ngati ana osochera pa siteshoni. Kaputeni wawo, Nagase, anayendetsa maso pa chitsulo chonse mpaka anaona chimodzi choongoka. Anakodola anzake. Timu yonse inadutsa bambo Tsuchiya ndi gulu lawo, n'kudzandanda pamaso panga.

Nagase ankalira, mamina ali chuchuchu. "Zikomo kwambiri," anatero, "potikhulupirira mpaka kumapeto."

Ndinamufunsa ngati akudziwa amene analemba chinsalucho.

Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Si inuyo, achimwene?"

A Kohei anamuchemerera munthu ameneyu zaka zinayi, pamvula ndi pachisanu, ndipo ankanena kuti ali ndi mtima wabwino, mwendo wamanzere wokha ndi umene unamulakwira.

Anawerama onse. Wojambula zithunzi wa kalabu anathamangira n'kugwada pa kapinga, ndipo mayi wina wa ku ofesi anandikuwira chapansipo kuti ndisasunthe, chithunzi chimenechi chidzakhala pa zikwangwani zoitanira anthu chaka chamawa. Kumanzere kwanga gulu linayamba kukuwiza, sindikudziwa ngati ankakuwiza osewera kapena ine.

Ndinayamba kumasula mfundo. Zinali zolimba, zala zinali zitauma ndi chisanu, ndipo osewera anakhala chiweramire chifukwa wojambula anali asananene kuti adzuke. Pamene ankakweza mitu anapeza chitsulo chokhachokha. Ndinapinda chinsalu pa mawondo anga mosamala, mawu kulowa mkati, n'kuchiika m'chikwama.

Potuluka ndinadutsa ochemerera akutolera zinyalala m'majumbo, monga amachitira nthawi zonse, ngakhale atakwiya. Bambo Tsuchiya anali atawerama akutola chikho chapepala. Sanadzuke, ndipo ine sindinawatsanzike.

Kunyumba ndinapeza amayi akusintha madzi a maluwa pa chithunzi cha achimwene. Za zigoli sanafunse. Anangoyang'ana chikwamacho n'kufunsa ngati chaka chamawa ndidzapitenso.

"Kulibe pomangirira," ndinatero.

Anati ndiye ndichitulutse m'chikwamamo chisachite nkhungu, ndikachiyanike pakhonde. Ndinachiyanika chilili, choyang'ana kumsewu.