Khwangwala wa Udzu

Pali chinthu chimene ndinabisa kwa masiku khumi ndi awiri. Kutatsala masiku awiri kuti bambo amwalire, anandigwira dzanja m'chipatala ku Karad nati, "Mrunal, umuyimbire Sulbha abwere." Ndinavomera. Ndinatuluka ndi foni yawo, koma pakhonde ndinakumana ndi bambo aakulu, a Bhalchandra, atanyamula chakudya. Foni ndinaiponya m'chikwama. M'mawa mwake bambo sanalankhulenso.

Dzina la Sulbha kwathu silitchulidwa. Ine ndinalidziwa chifukwa cha sukulu. Ndili chaka choyamba ku koleji ku Kolhapur, ndikuphunzira sosholoje, za mmene anthu amakhalira m'mabanja ndi m'mitundu yawo. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yojambula mtundu wathu papepala: mwamuna kachizindikiro ka ngodya zitatu, mkazi kozungulira, womwalira timamudula ndi mzere. Patchuthi ndinakhala ndi bambo pakhomo, iwo akutchula mayina, ine ndikujambula. Titafika pa ana a agogo ndinajambula amuna awiri.

"Wonjeza kozungulira," anatero bambo chapansipansi.

"Anamwalira ali mwana? Ndidule?"

"Usadule. Ali ku Miraj."

Anali mlongo wawo. Anakwatiwa ndi mwamuna wa mtundu wa osoka zikopa, umene kwathu amaunyoza, ndipo agogo anasonkhanitsa banja lonse kukasamba kumtsinje ngati aika maliro. Papepala limene ndinapereka kwa aphunzitsi panali kozungulirako. Pa limene ndinaonetsa kunyumba panalibe.

Patsiku lachitatu la maliro bambo aakulu anandiitana. "Tsopano nyumba ino ndikuyang'anira ndine," anatero. "Anzako akuphunzira udokotala, iwe ukuphunzira miseche. Malemu anakulekerera. Ndikulola umalize, koma ndikadzangomva kuti ukufukula za m'banja muno, udzabwera kudzapeta mpunga."

Ndinangogwedeza mutu. Ine pamaso pa anthu mawu amandithera pakhosi.

Patsiku lakhumi tinatsikira kumtsinje wa Krishna dzuwa litangotuluka. Poti bambo analibe mwana wamwamuna, a Bhalchandra ndiwo anameta mpala. Anaumba mibulu ya mpunga, wansembe akuwerenga mapemphero, naiika pamwala. Kenako tonse tinabwerera m'mbuyo kudikira khwangwala. Akajompha mpunga, ndiye kuti womwalira wapita mtima uli m'malo. Akakana, pali chimene chatsala.

Akhwangwala analipo ambiri mumtengo. Mabanja ena awiri amene anabwera pambuyo pathu, mpunga wawo unajomphedwa asanakhale n'komwe pansi. Wathu palibe anauyandikira.

"Lonjezani," anatero wansembe, akuyang'ana wotchi.

Bambo aakulu anapita pamwala paja naphatikiza manja. "Datta, mng'ono wanga, mkazi wako sadzasowa kanthu."

Tinadikira. Khwangwala mmodzi anatera, nayenda mozungulira mwalawo, nauluka.

"Munda wa nzimbe sitigawana. Ukhala mmene unausiyira."

Zii.

Dzuwa linayamba kuwawa. Anthu a kumudzi amene anabwera kudzatipepesa anayamba kunong'onezana, ndipo khosi la bambo aakulu linali litafiira.

"Bwanji osafunsa apulofesa athuwa?" anatero mayi aakulu mokweza, akundiloza ndi chibwano. "Si amaphunzira za anthu? Kapena za akhwangwala n'za chaka chachiwiri?"

Ena anaseka. Mayi anga anali pambali panga, akusisita mikono yopanda zibangili, poti kwathu mkazi wamasiye savala.

"Datta!" Tsopano bambo aakulu ankachita ngati akukalipira wamoyo. "Mwana wakoyu timupezera mwamuna wa banja labwino chaka chisanathe. Ukufunanso chiyani? Unali wovuta uli moyo, ukufuna utichititse manyazi ndi lero lomwe?"

"Kapena malemu ankabisa china," anatero mayi aakulu. "Mlamu, amuna anu analibe khomo lina? Nenani, tisapsere pano."

"Pakamwa panu, akulu," anayankha mayi osadzutsa mutu. "Maliro akadali pamwala."

"Ndiye aitanireni khwangwalayo, poti mumawadziwa bwino."

Wansembe anatsokomola. Anati akudikiridwa kwina, ndipo mwambo uli ndi njira yake mbalame ikakana: amapota udzu wopatulika ngati khwangwala, n'kukhudza nawo mpunga. Aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mudzi wonse ukanakamba kwa zaka kuti Datta anapita ndi khwangwala wa udzu.

"Potani," anatero bambo aakulu. "Tatopa."

Ndinaona zala za wansembe zikupinda udzu, mutu, kenako mapiko. M'kalasi tinaphunzira kuti miyambo ya maliro imatonthoza otsala, ndipo ndinalemba zimenezo pamayeso n'kukhoza bwino. Koma apa ndinkangoona bambo akunamizidwa kachiwiri, ndipo woyamba kuwanamiza ndinali ine.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji.

"Akufuna azakhali a Sulbha."

Mawu anatuluka aang'ono, koma anamveka. Wansembe anasiya kupota.

"Wati chiyani?" Bambo aakulu anabwera mpaka ndinamva fungo la utsi m'nsalu yawo. "Munthu ameneyo tinamusambira mumtsinje uno iwe usanabadwe. Wakuuza ndani?"

"Bambo."

"Bodza! Ndi zija za ku koleji izi. Ndinanena ine! Kutumiza mwana wamkazi kukaphunzira kununkhiza m'nyumba za anthu!"

"Mwaonatu," anatero mayi aakulu. "Kofatsa kofatsa, kameneka n'kanjoka."

Bambo aakulu anati, "Tamvera, iwe. Khala pansi, unene kuti dzuwa lakuzunguza mutu, ndiiwala. Ukapitiriza, ku Kolhapur usadzapondekonso. Mabuku ako ndikolezera moto wa madzi osamba."

Ndinaganiza za kabedi kanga ku hositelo, ndi laibulale imene ndimabisalamo masana onse popanda wondifunsa chifukwa chimene sindilankhulira. Ndinayang'ana mayi kuti andikoke ndikhale pansi. Sanandikoke.

Ndinatulutsa foni ya bambo m'chikwama. Ndinafufuza pa S. Panalibe Sulbha. Ndinabwereza, anthu onse akundiyang'ana.

"Mwaona? Palibe," anatero bambo aakulu. "Mng'ono wanga sakanachita zonyansazo."

"Yang'ana pa 'Wa feteleza'," anatero mayi.

Onse anatembenukira kwa iwo.

"Lamlungu lililonse ankapita kuseri kwa khola kukaimba foni. Zaka makumi awiri, alamu. Inu ndinu mlimi, feteleza amagulidwa sabata iliyonse?"

 Bambo aakulu analavula pansi. "Basi. Sukulu yatha."

Ndinadina. Foni inangoitana kamodzi.

"Datta?" anatero mawu a mkazi, mofulumira. "Malamlungu awiri osaimba, wandiiwala? Chifuwa chija chili bwanji?"

Ndinatseka maso.

"Azakhali, ndine Mrunal, mwana wa a Datta. Bambo anamwalira, lero ndi tsiku lakhumi. Anandituma ndikuitaneni akadali moyo. Ine ndinaopa, sindinayimbe. Tili kumtsinje, bambo akukudikirani."