Uvuni wa Pakhosi pa a Mwaye

"Tsegulani chikhathocho, bambo," anatero mwana wawo wamkazi.

A Mwaye sanatsegule. Anangokhala phee pabenchi ya panja pa chipatala ngati munthu wosalakwa, utsi ukutuluka pakati pa zala zawo. Zaka makumi anayi zowotcha makala zinawaphunzitsa kubisa moto, moti ndudu yoyaka ankaifumbata osapsa. Dzina loti Mwaye analitenga kuntchito komweko, chifukwa ngakhale asambe mpaka sopo kutha, thaulo linkadabe bii.

"Si fodya uyu, aphunzitsi," anatero. Iwo ankamutchula choncho mwanayo chiyambireni kugwira choko kusukulu. "Ndi mankhwala. Njuchi zikalowa kudenga mumatani? Mumazifukiza utsi. Chinthu chili pakhosi pangachi ndikuchifukiza, chibanike, chisamuke chokha."

"Bambo, ndi khansa. Si njuchi."

"Chamoyo chilichonse chimapuma. Kapena kusukulu munasintha?"

Mwanayo anangopukusa mutu. Lolemba lotsatira bambo ake ankayenera kuyamba kulowa m'makina owotcha chotupacho ndi cheza champhamvu, ndipo achipatala anali atanena kale kuti fodya akhoza kufooketsa chithandizocho. Iye anali atalira, atakalipa, atabisa machesi m'nsapato. Zonse zinapita pachabe.

Atawaitana, anapeza dokotala wamkazi wamng'ono thupi, wa magalasi aakulu ngati anabwereka kwa agogo ake. A Mwaye anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi anu akubwera nthawi yanji, mwanawe?"

"Ali kunyumba, bambo. Lero mupirire ndi ine," anayankha dokotalayo. Ananunkhiza mpweya kamodzi. "Ndikumva kuti mwafika ndi mnzanu."

Aphunzitsi anaulula zonse, za njuchi zomwe. A Mwaye anakonzekera kukalipiridwa, koma dokotalayo sanaseke, sanakwiyenso. Anatembenuza pepala n'kujambula chozungulira, pakati n'kudetsa ndi cholembera.

"Maganizo anu si opusa," anatero. "Thupi ndi tizidutswa ting'onoting'ono tamoyo, timati maselo. Tizidutswato timadya shuga wa m'magazi, n'kumuwotcha ndi mpweya wabwino umene magazi amabweretsa. Koma chotupa chimakula mothamanga, mitsempha ya magazi n'kutsalira m'mbuyo. Pakati apa mpweya umafika wochepa kwambiri."

"Ndiye timafa, eti? Ndanena ine!"

"Tina timafadi. Koma tina timasintha kadyedwe. Timayamba kuphwanya shuga popanda mpweya. Mphamvu yake imakhala yochepa, ndiye timameza shuga wambirimbiri kuti tikwanitse. Zotsalira zake ndi madzi owawasa amene amavutitsa maselo abwino oyandikana nato. Kenaka timatumiza uthenga m'thupi kuti litikokere mitsempha yatsopano."

A Mwaye anasendeza mpando. Anayang'anitsitsa pepalalo, chala chawo chakuda chikuzungulira pamene panali podetsedwa paja.

"Iii," anatero pang'onopang'ono. "Ameneyutu ndi mmisiri."

"Bambo!" anatero mwanayo.

"Khalani chete, aphunzitsi, apa kalasi ndi yanga. Adokotala, uwu ndi uvuni. Ine ndimaunjika mitengo, ndimafunditsa udzu, ndimakwirira ndi dothi, n'kumenyamenya ndi fosholo. Wodutsa amati moto wafa. Wafa kuti? Uli m'kati, ukudya pang'onopang'ono sabata yathunthu, osaonetsa lawi. Moto wapoyera ndi chitsiru, umavina ola limodzi n'kutha. Wokwiriridwa ndiye wochenjera." Anagwira pakhosi pawo, pafupifupi mwaulemu. "Ndiye mukuti ndakhala ndikusunga mnzanga wa ntchito, osadziwa?"

"Sindinamvepo wina akufotokoza bwino chonchi," anatero dokotalayo, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti sakuwanyengerera.

"Nanga ndikasiya kudya, asowe shugayo?"

"Ayamba kudya mnofu wanu. Inu muonda, iye ayi. Muzidya ndithu." Anavula magalasi aja. "Tsopano ndifunse ine. Mdani wamkulu wa uvuni ndani? Mvula?"

A Mwaye anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Mwanayo anawapatsa madzi.

"Mvula ndi mlamu chabe, timalimbana n'kugwirizana. Mdani ndi mphepo. Dothi likangong'ambika penapake, mpweya n'kulowa, basi. Ukabwera upeza phulusa lokhalokha loti mbee. Chaka china mbuzi inaponda pamwamba pa uvuni wanga, mitengo ya mwezi wathunthu inatha ngati pepala. Mbuziyo sinapepese mpaka lero."

"Makina athu alinso choncho," anatero dokotalayo. "Cheza chake chimaluma kwambiri pamene pali mpweya wabwino. Maselo ozolowera kubanika aja ndi amene amapirira, n'kudzaphukanso pambuyo pake. Ndipo utsi wa fodya umalanda malo a mpweya m'magazi."

Panja wina anali kukankha bedi lamatayala lolira ngati wilibala yosowa mafuta. A Mwaye anayang'ana chikhatho chawo, kenaka pepala lija.

"Ndiye kuti ndudu iliyonse..."

Dokotalayo anavalanso magalasi ake.

"Ndi fosholo ya dothi," anamaliza okha. "Ine ndimati ndikumubanika, chonsecho ndikumufunditsa bwinobwino kuti asapse. Ndakhala waganyu wake, wosalipidwa n'komwe."

"Sindikulonjezani kuti muchira, bambo. Koma mukasiya, mwayi wanu ukula."

"Wowotcha makala salonjezedwa kanthu, mayi. Amangoona kumene mphepo ikuchokera."

Aphunzitsi anamva bwinobwino kuti "mwanawe" uja wasanduka "mayi", koma anadziletsa kumwetulira.

Atatuluka, a Mwaye anaima pafupi ndi benchi ija. Anatulutsa kachitini ka fodya kamene kanapanga dzenje lakelake m'thumba la jekete, anakatsegula, ananunkhiza nthawi yaitali ngati akutsanzikana ndi m'bale wopita kutali. Kenaka anakaika m'manja mwa mwana wawo.

"Zaka makumi awiri ndikukuuzani zomwezi," anatero mwanayo.

"Inu munkati fodya ndi woipa. Zimenezo ndinkazidziwa musanabadwe. Uja wandiuza mmene mdani amagwirira ntchito." Anapisanso m'thumba. "Machesi awa ndisunga. Ndatopa kuwapeza akununkha nsapato."

Anayamba kuyenda kulowera kumsewu, pakamwa yasaa, akukoka mpweya ngati munthu wongovuuka m'madzi.

"Mukutani tsopano, bambo? Anthu akukuyang'anani."

"Asiyeni ayang'ane," anatero a Mwaye. "Ndikubowola uvuni. Lolemba makina aja apeze mphepo italowa kale."