Apongozi Anga ndi Ndodo za Mepulo

Apongozi anga, Mayi Wilma Kostelnik, akhala akusema ndodo zomenyera mpira pa masewera a besibolo zaka makumi atatu m'shedi ya kuseri kwa nyumba yawo, kwathu kuno kumpoto kwa Pennsylvania. Chipika chilichonse cha mtengo wa mepulo ankachiwaza ndi chitsulo ndi nyundo asanachiike pa makina osemera. Nditakwatira mwana wawo n'kulowa nawo ntchitoyi, ndinaona ngati uku n'kutaya nthawi. Ndinagula macheka amagetsi.

"Vernon, machekawo amadutsa pomwe ukufuna iweyo," iwo anatero. "Koma mtengo uli ndi njira yake."

"Amayi, zinthu zinasintha," ndinayankha.

Chaka chimenecho anawachita opaleshoni ya phewa, choncho ndodo zonse za timu ya m'tauni mwathu ndinacheka ndi kusema ndine.

Loweruka lina mu Juni, Dewey Pruitt, chimphona chogwira ntchito yozimitsa moto, anamenya mpira ndi mphamvu zake zonse. Ndodo inangoti thyo! Chidutswa chosongoka ngati mkondo chinauluka n'kukabaya Sal Tedesco, woponya mpira wa timu inayo, pantchafu. Anthu anakuwa. Ine ndinali pa benchi, soseji ili m'manja, ndipo ndinadziwa kuti ndodoyo ndinasema ndine. Sal anakamusoka kuchipatala.

Lolemba m'mawa Dewey anatulukira m'shedi n'kuponya zidutswa ziwirizo patebulo.

"Wasema nkhuni imeneyi ndani? Mukufuna ndiphe munthu?"

"Ndine," ndinatero.

"Khala pansi, Dewey," anatero apongozi. "Ndinakuona uli pa thewera iwe, usandikuwire m'shedi mwanga muno."

Anapala pang'ono chogwirira cha ndodo yothyokayo, n'kudonthezapo inki. Inkiyo inalowerera n'kuyenda mopendekera, kutsata mizere ya mtengowo.

"Mwaona? Macheka adula mizere mopingasa. Ndodo yotere ikakumana ndi mpira imaduka mwa nsonga. Kuwaza kulibe bodza, chifukwa mtengo umang'ambika momwe unakulira. Vernon, tenga nyundo."

Dzanja lawo linali lidakali lomangidwa, ndiye anakhala pa mpando kumangoloza. Ndinawaza zipika mpaka masana. China chinang'ambika mopotoka, iwo amvekere, "Cha pamoto icho." Chinanso, "Cha pamoto." Dewey ankaseka atapinda manja.

"Bwana wa macheka, thukuta limeneli ndi lanu kapena mwabwereka?"

"Iwenso tenga nyundo inayo," anatero apongozi. "Minofu yonseyo ndi yongoonetsa atsikana?"

Zomwe tinawaza tsikulo zinali zoti ziume kaye mpaka chaka chamawa. Pofuna kusema ndodo yatsopano ya Dewey, apongozi anandituma kudenga kwa shedi kukatsitsa umodzi mwa mitengo imene anawaza okha zaka ziwiri zapitazo. Ndinausema iwo akuyang'ana, ndipo titadontheza inki inayenda molunjika ngati chingwe. Kenako anamulozera Dewey fupa la ng'ombe lokhomedwa patebulo.

"Khutiza ndodoyo pamenepo mwamphamvu mpaka iwale. Fupa limatsendera mtengo kuti pamwamba palimbe."

"Ndiye siithyoka?"

"Ndi mtengo uwu, sichitsulo. Tsiku lake lidzakwana. Koma ya ine imang'aluka m'litali, imatsala m'manja."

Madzulo ake ndinazungulira makomo a osewera onse kutolera ndodo zomwe ndinasema. Pa khumi ndi zinayi, zisanu ndi zinayi zinalephera mayeso a inki. Tinaziduladula kuti munthu asazitolenso, ndipo sabata yonseyo ndinasema zina kuchokera ku mitengo ya kudenga ija.

Kwa Sal ndinapita ndekha. Ndinamupeza pakhonde, mwendo atausanjika pa mpando, mkazi wake akundiyang'ana ngati ndabwera kudzamalizitsa. Ndinamufotokozera zonse osabisa kanthu.

"Ndiye wabwera kudzapepesa kapena kudzandiphunzitsa za mitengo?" anafunsa.

"Zonse."

Anaseka mpaka kugwira bala. "Rita, mpatse khofi munthuyu asanalire."

Dewey anasewera ndi ndodo yake yatsopanoyo mpaka nyengo ya masewera inatha, n'kudzayambanso nayo chaka chinacho. M'timu yonse munang'aluka ziwiri zokha. Macheka anga tsopano amangodula nsonga za zipika.

Chisanu chitatha, Sal anafika pa shedi ndi galimoto, akuyenda bwinobwino, ali ndi mndandanda wa osewera a timu yake. Ankafuna ndodo makumi awiri.

"Asema ndani?" anafunsa, akunditsinzinira.

"Vernon," anayankha apongozi.

"Yemweyu wandilemba chipsera?"

"Yemweyo. Manja ake ndi abwino kuposa anga, makutu ndi amene anachedwa kumera. Tsitsa chitseko cha galimotoyo, undinyamulire zipika izi."

Sal anavula jekete n'kuyamba kunyamula.