Ndalama ya M'mono wa Clarrie

Mu Geraldton, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, munali madala ena amene ankadziyesa mafumu chifukwa cha tindalama takuda bii. Lachisanu lililonse ankakumana m'bala, aliyense n'kutulutsa ndalama yake yasiliva ya Adatchi, imene anaitola yekha m'zombo zomira kalekale boma lisanaletse. Nkhani zawo zinali zomwezomwezo, kungoti shaki wa m'nkhanimo, chinsomba cholusa chija, ankanenepa chaka ndi chaka.

Clarrie Pengelly, msodzi wa nkhanu, analibe yake. Kwa zaka makumi awiri ankakhala kumapeto kwa tebulo, kuombera m'manja matama a eni, ndipo zinkamuwawa kwabasi. Ndiye anagulitsa galimoto lake, n'kuitanitsa ndalama yeniyeni kwa wamalonda wa ku Amsterdam, kwawo kwa Adatchiwo. Inafika ili mbee. Koma yogula sipatsa munthu ulemu pa tebulo lija. Anaikulunga m'sokosi, naimangirira m'mono, n'kuimiza m'nyanja chaka chathunthu kuti ide. Munthu wamkulu ndithu, imvi zili mbuu, kuweta ndalama ngati nkhanu!

Tsiku limene anaitulutsa ndalamayo m'bala, madala onse anaunjikana kuti aione.

"Aise Clarrie, iwe woopa ndi madzi a m'bafa omwe?" anatero Merv Tonkin, mkulu wa gululo, akuitembenuzatembenuza. "Wakaitenga kuti?"

"Pansi penipeni, achimwene. Mpweya unatsala pang'ono kundithera."

"Ha! Mpatseni mpando wapakati mwamunayu!"

Ufumu wake unatha milungu itatu. Pakamwa pa omwa mowa palibe chitseko. Lachisanu lotsatira kunatulukira mayi wina wochokera ku boma, woyang'anira za m'zombo zomira, kabokosi kali m'manja.

"Bambo Pengelly, lamulo mukulidziwa," anatero mayiyo. "Anzanuwa analembetsa zawo kale, boma litapereka mwayi. Chotuluka m'nyanja lero n'cha dziko. Koma ngati munachita kugula, ingondionetsani lisiti, ine ndizipita."

Lisitilo linali m'thumba lakumbuyo, Clarrie atalikhalira. Anayang'ana ndalama yake, nayang'ana madala aja, maso onse ali pa iye. Ndalamayo ankaikonda, koma kutchedwa wabodza pamaso pa Merv ankakuopa kuposa imfa.

"Ndi ya m'nyanja, mayi," anatero. "Ndinaitola ndi manja angawa."

Mayiyo anamusainitsa pepala, natsekera ndalamayo m'kabokosi, n'kumapita. Clarrie anakhala tsonga, akudikira kuti wina amugwire paphewa n'kumutcha ngwazi.

Merv anayamba wagugudiza mowa wake, kenako anapukuta pakamwa.

"Nyanja imadya siliva, aise, siimangodetsa ayi. Yako ija inalibe ndi kachipsera komwe. Tonsefe tinadziwa tsiku loyamba lomwelo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tinenerenji? Timafuna tione pomwe ukathere."