Uthenga wa Norbert Pamakina a Foni

Bambo Fabian Chimwaza ankapinda malaya awo pamene mwana wawo wamkazi, Phyllis, analowa ndi tiyi.

"Mukulongedzeranji, bambo? Mtembo sunafike n'komwe."

"Ukafika ndipita nawo ku Dedza. Kuno sindibweranso."

Norbert, mwana wawo wamwamuna, ankayendetsa thiraki kuchokera kuno ku Brampton kupita ku Florida. Sabata yatha anaimba foni ali m'njira, kufunsa za namondwe amene ankanenedwa pa wailesi. Bambowo anagwira ntchito ya zanyengo zaka makumi awiri ku Malawi, ndiye ndani akanawatsutsa? Anaona mapu pa TV n'kunena kuti, "Kamphepo chabe aka, pita." Olosera ambiri ankateronso. Koma kutacha namondweyo anali atakula moopsa, ndipo thirakiyo inapezeka itagubuduka m'madzi.

Elsie, mkazi wa Norbert, anamudikira Phyllis pakhonde.

"Alamu, auzeni kuti sanamuphe ndi iwo."

"Ndawauza katatu. Akuti ndikungowatonthoza. Ine ndatopa."

Zaka zitatu m'nyumba imodzi, Elsie ndi apongozi akewo anali asanalankhulanepo maso ndi maso. Ngakhale za mchere zinkadzera mwa Norbert. Ulemu wa chipongozi ndi wabwino kumudzi, koma m'kanyumba ka zipinda ziwiri umatopetsa zedi.

Elsie anakazula makina olandira mauthenga a foni kukhitchini. Munali uthenga wotsiriza wa Norbert, umene anali asanamvetseko munthu, chifukwa unkamukwiyitsa. Anagwada pakhomo la chipinda cha apongozi ake, analumikiza waya kukhoma, n'kudina batani akuyang'ana pansi.

"Elsie, ndine," anatero mawu a Norbert, mphepo ikulira kumbuyo. "Wailesi yasintha, akuti chakula. Msewu wothawira ukadalipo, ndikanatha kunyamuka pompano, koma pa motelo pano pali nkhalamba ziwiri zopanda galimoto. Ndiwatenge kaye. Bambo uwauze asadandaule, mapu anawerenga bwino. Ndi mphepoyi yasintha maganizo."

Makina analira kamodzi n'kukhala chete. Phyllis, amene anali akadanyamula tiyi uja, anamuika pansi.

Bambo Chimwaza anakhala pabedi, malaya ali pamiyendo. Patapita nthawi anatembenuka n'kuyang'ana Elsie kumaso.

"Nkhalambazo zinapulumuka?"

"Anazisiya pa sukulu ina, bambo. Madzi anamupeza akubwerera kukatenga ena."

Bambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenaka anasendera kuti pabedipo papezeke malo.

"Dzukani pansipo, apongozi. Khalani apa, muyikenso timumve."