Bowa wa Pansi pa Mapaini Akufa

Walentyna anapeza geti la kuseri lili lotsegula, ndipo pa msomali pamene pamakhala dengu la bowa panalibe kanthu.

"Mayi Raisa, bambo anga mwawaona?" anafunsa mnansi wake, amene ankakumba mbatatesi kuseri kwa mpanda.

"A Gienek? Adutsa kalekale atavala jekete la kutchalitchi, dengu lili m'manja. Ndimayesa mwawalola."

"Ndiwalole bwanji munthu amene dzulo waika nsapato mufiriji?"

"Nanga za firiji yanu ndizidziwe bwanji ine? Thamangani, mphepotu iyi sikubwera bwino."

Nzeru za a Gienek zinayamba kuwathawa chaka chathachi, koma miyendo inakana kukalamba. Munthu wotero kumuphethira pang'ono, wapita. Walentyna anaimbira foni alonda a nkhalango. Iwo anati akubwera, koma msewu wa galimoto umathera kutali. Walentyna sanadikire.

Nkhalango ya Białowieża ndi yaikulu, koma mitengo yake simangomera chisawawa. Walentyna ankaidziwa, poti ntchito yake inali yoyeza mitengo pamodzi ndi ofufuza, kulemba mtundu wa uliwonse ndi pamene waima. Mitengo yotchedwa olsza imakonda m'dambo, mizu ili m'madzi. Mathundu amakhala pa dothi lakuda, wina apa wina uko, ngati akuluakulu osafuna kubwerekana mchere. Mapaini amaunjikana pamchenga, ndipo bowa wonenepa amene bambo ake ankaufera umamera pansi pa iwowo.

Mapaini amoyo analipo pafupi ndi mudzi, koma madzi saiwala khwawa. A Gienek anali ndi malo awo a kale, kutsidya kwa dambo, ndipo m'mutu mwawo malowo anali akadali obiriwira. Sankadziwa kuti tizirombo tofukula makungwa tinapha chigawo chonsecho. Kunatsala mitengo youma yokhayokha, yoima ndi mizu yowola. Kuntchito kwa Walentyna lamulo linali lakuti kukachita mphepo, munthu asapondeko.

Anawoloka dambo akudumpha kuchokera pa tsinde lina kupita pa lina, matope ali m'mawondo. Anadutsa mathundu, nthambi zake zikuwomba m'mwamba. Atafika pamene masamba amathera, miyendo inaima yokha.

Kutsogolo kunali mbuu. Mitengo yosendeka makungwa inkagwedezeka n'kumakhulana, ikulira ngati zitseko zakale. Chakumanzere wina unathyoka, phwaa, n'kugwetsa unzake, nthaka n'kunjenjemera mpaka m'mano. Walentyna anachita mantha, mantha enieni. Akanatha kuima pomwepo n'kumaitana, ndipo palibe akanamunena. Anaitanadi, koma mphepo inameza mawu. Analowa atakweza mapewa, ngati kuti mapewa angatchinge mtengo.

Bambo ake anawapeza atakhala pa chipika, jekete litamangidwa mabatani onse, dengu lili pamiyendo. Pamwamba pawo paini wina anali atathyoka theka, atatsamira pa mnzake.

"Bambo, nyamukani. Tiyeni msanga."

Anamuyang'ana mwaulemu n'kukhudza chipewa.

"Pepani mayi, sindingachoke. Mwana wanga wasochera. Wala, kamtsikana kotere, kavala mpango wofiira. Tinapangana kuti tikasiyana tikumane pano."

"Bambo, Wala ndine. Ndiyang'aneni bwino."

A Gienek anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu? Ndi imvi zimenezo? Musandiseketse, mayi. Wanga sanayambe n'sukulu yomwe."

Anawagwira mkono kuti awakoke. Nkhalambayo inakoleka dzanja lina ku nthambi ya chipika, ndipo dzanja limene linagwira nkhwangwa moyo wonse silimasuka ndi kukoka kwa munthu mmodzi.

"Tandisiyani! Mulibe mwana inu? Akabwera n'kupeza palibe munthu, ndiye atani?"

Paini wothyoka uja anatsetsereka pang'ono, fumbi la makungwa n'kuwathothokera m'khosi. Walentyna anayang'ana m'mwamba. Chaka chonsechi anali atalumbira kuti sadzawanamiza bambo ake, ngakhale adokotala ankati nthawi zina bodza limathandiza. Ankati tsiku limene adzavomere kuti si mwana wawo, ndiye kuti wawaika m'manda ali moyo. Anasiya kuwakoka.

"Ka mpango wofiira, mwati? Ndakaona. Kali ku mathundu uko."

Maso a nkhalamba anawala.

"Kakulira?"

"Eya," anatero Walentyna. "Kakulira kwambiri. Kakufuna bambo ake."

A Gienek anadzambatuka ngati mnyamata. Ndi iwo amene anatsogola, akudumpha zipika, akumuuza mayi wachilendoyo kuti asamale phazi. Kumbuyo kwawo china chake chinagwa ndi mkokomo waukulu, koma Walentyna sanacheuke. Anangoyang'ana msana wa jekete mpaka pamene mitengo youma inatha, masamba amoyo n'kuwaphimba.

Pansi pa thundu lalikulu Walentyna anagwa chokhala. Patali kunkamveka kulira kwa galimoto ya alonda. Bambo ake ankazungulira tsinde, akusuzumira kuseri kwa zitsamba.

"Wala! Walaa! Tuluka mwanawe, sindikukalipira."

Anamvetsera. Kenaka anabwera n'kumugwira paphewa, nkhope ili ndi mantha omwe aja amene iye anali nawo.

"Mayi, chonde, tandithandizani kuitana. Mawu anga atha."

Walentyna anaimirira n'kupukuta nkhope ndi mkono wa juzi. Anawagwira dzanja kuti asapitenso patali, n'kuyamba kuitana dzina lake m'nkhalangomo.